Chingwe Chimene Ndinachiviika M'nyanja

Tsika. Ndati tsika pamenepo, Patuma! Nawenso Idi, usandiyang'ane ngati ndakulanda nsomba pakamwa. Chingwe mwamangirira pamtengo wa mangowo mwachitola kuti? Kugombe? Ndinadziwa. Fungo lakelo ndalimva ndili pano pakhonde, ine amene mumati mphuno zanga zinapuma pantchito. Ndiye mwatola chingwe chimene chagona m'madzi kuyambira kaya liti, mwachikoleka panthambi, mwati katungwe wapezeka. Bwerani kuno nonse. Khalani pamkekapa, muzindithandiza kusankha mpungawu, manja asangokhala.

Paja mumakonda kuseka dzanja langa lamanzereli. Musakane, ndimakumvani. Wina ananena tsiku lija kuti agogo akamapita ku Salima dzanja lawo limaloza ku Chipoka. Ndikumudziwa amene ananena, koma sindimutchula, chifukwa wayamba kale kuyang'ana pansi. Lero ndikuuzani mmene linapindikira, ndipo mukamva mukamasule nokha chingwe chanucho.

Ine ndinabadwira m'mudzi uno, kungoti nthawi imeneyo nyumba zinali chakumunsiko, pamene pano mumasambira. Nyanja inadya malo amenewo ndili mtsikana, ife nkusunthira kuno. Bambo anga, a Hamisi, anali ndi khoka ndi mabwato awiri, ndipo ine anthu ankanditchula Abiti Hamisi. Maukonde a masiku amenewo sanali a nayiloni ogula m'sitolo ayi. Ankapota okha ulusi wake pantchafu, moti ntchafu ya msodzi weniweni inkakhala yopanda cheya, yosalala ngati chipande.

Kwathu kuno chilichonse chimene tinkafuna kuti chikhalitse tinkachipereka kwa madzi. Bwato likakhala kuti silipita panyanja, ankalimiza dala nkulitsendereza ndi miyala kuti lisang'aluke ndi dzuwa. Nsungwi zomangira nyumba ankaziviika mwezi wathunthu kuti zisafumbwe. Luzi likauma, m'madzi. Chinangwa chowawa, m'madzi. Mwana akalira kwambiri, m'madzinso. Ndinakula ndikudziwa kuti chimene chimaononga zinthu ndi dzuwa, chiswe ndi makoswe, koma madzi ndi mayi wosunga. Inde, maukonde ndinkawaona akuyanikidwa tsiku ndi tsiku, koma ndinkangoti amatero kuti apepuke ponyamula. Sindinafunsepo. Mtsikana wanji wofunsa za maukonde?

Agogo anu aamuna, a Sumaili, sanali a kuno. Anali a ku Khombedza, ndipo ntchito yawo inali yofula uchi m'mitengo italiitali. Ankabwera wapansi, chipanda cha uchi paphewa, kudzasinthanitsa ndi utaka wouma. Anali munthu wamtali, woonda, makutu otambalala ngati akufuna kumva za ku Nkhotakota. Patuma, usaseke, makutu amenewo uli nawo. Tsiku loyamba kundilankhula anandipeza ndikutembenuza nsomba pamchenga, nkundinyemera kachisa ka uchi. Ine manyazi, sindinafunse kuti amadya bwanji. Ndinatafuna nkumeza zonse. Mwambi uja wakuti safunsa anadya phula ena amangoumva, ine phulalo ndinalidyadi, mwini uchi akuona.

Tinakwatirana nkhondo ya azungu itangoyamba kumene, ija anyamata ankakwera sitima pa Salima kupita ku usilikali. A Sumaili anabwera kudzakhala kwathu kuno monga mkamwini, ndipo apa ndi pamene anaona zakuda. Munthu amene ankayenda panthambi ngati ali pamsewu, madzi ankawaopa ngati mphaka. Tsiku limene anawakweza bwato koyamba, anagwira m'mbali ndi manja onse awiri, maso ali tsinzi, nkubweza chakudya chonse cha dzulo lake. Achimwene anga a Juma, amene pakamwa pawo panalibe chitseko, anawapatsa dzina loti a Gologolo. Akamadutsa kugombe, a Juma ankafuula kuti, “Alamu, samalani, apo pali chithaphwi!” Agogo anu ankangoseka, koma ine ndinkadziwa kuti zinkawapweteka. Mwamuna kudya nsomba za eni tsiku ndi tsiku osaponyako nkhafi, si chinthu chopepuka.

Katundu amene anabwera naye anali wochepa: mkeka, mkanjo wa Lachisanu, kathumba ka zikhomo zosema, chibonga chokhomera, ndi chingwe. Chingwe chimenecho musachiyerekeze ndi chanu chotolachi. Chinali cha luzi la mlambe, chopota patatu, kunenepa kwake ngati chala chachikulu cha kuphazi. Anachipota ndi malemu bambo awo nyengo yonse yozizira. Akafuna kukwera, ankaponya mwala womangidwa kukachingwe kakang'ono kuti ulumphe nthambi yapamwamba, nkukokerapo chachikulucho. Mbali ina ankaimangirira pachitsa pansi, ina m'chiuno mwawo. Pokwera ankaponda zikhomo zimene ankakhoma m'thunthu, anzawo akufupikitsa chingwe pachitsapo. Koma akafika pamphako ya njuchi, manja onse awiri ankakhala pantchito, lina muuni wa utsi, lina mpeni. Pamenepo munthu yense ankatsamira pachingwe chokhacho.

Mvula yoyamba itagwa chaka chimenecho, kunabwera uthenga woti mayi awo ku Khombedza akudwala. Anakulunga chingwe chija bwinobwino, nkuchipachika kutsindwi.

“Abiti,” anatero, “ndikakhala sabata imodzi. M'nyumba muno zonse zikhoza kutayika, sindidandaula. Koma ichi mundisungire.”

Ine ndinayankha kuti, “Pitani bwino, muchipeza mmene mwachisiyira.”

Sabata imodzi ija inabala ana. Mtsinje wa Linthipe unadzaza, ndipo masiku amenewo kunalibe zoti ukwera minibasi pa Khombedza nkudzadya nkhomaliro kuno. Mtsinje ukakana, wakana. Matenda a mayi awo nawo anatenga nthawi, munda wawo unafuna wolima, kenako wopalira, kenako wokolola. Munthu anachoka mvula ikuyamba, mpunga unachita kucha iye kulibe.

Tsono m'nyumba mwathu munalowa makoswe. Si makoswe aulemu a masiku ano amene amathawa mukatsokomola. Awo ankakuyang'ana. M'mawa wina ndikudzuka, ndinapeza tiluzi tating'onoting'ono tagwera pamkeka. Kuyang'ana kumwamba, khoswe wayamba kale kuluma kunsonga kwa chingwe cha a Sumaili. Ndinachitsitsa nkuchiika mumtsuko, koma makoswe anagwetsa chivundikiro. Ndinakachibisa kunkhokwe, patapita masiku atatu ndinapeza chiswe chayamba kumanga njira yake cholunjika komweko. Ndinathamangira kwa mayi anga, misozi ili m'maso.

Mayi anali kusinja chinangwa. Sanasiye nkomwe munsi.

“Iwe, chokuliza nchiyani? Unamvapo kuti khoswe wamira pansi pa nyanja kukafuna chakudya? Nanga chiswe chimasambira? Si luzi limenelo? Luzi kwawo ndi m'madzi.”

Ndinaona kuti mayi anena zanzeru zedi. Bambo anali pomwepo kugombe akusoka khoka, masitepe makumi awiri okha kuchokera pamene tinali. Tikanangowafunsa. Koma tinati za amuna nzochedwetsa. Tinatenga chingwe ndi zikhomo zomwe, nkupita nazo m'bango muja mmene tinkaviika chinangwa. Ine ndinakhoma mtengo nkumangirirapo, mayi nkugubuduza chimwala kuikapo pamwamba. Tinabwerera kunyumba tikuyamikirana.

Chingwecho chinakhala mmenemo miyezi inayi ndi kanthu.

Mwera utayamba kuomba, munthu wina wogula nsomba anandiuza kuti wawaona a Sumaili, akubwera mkucha. Ndinathamangira kubango. Zikhomo zinatuluka zili bwinobwino, zolimba kuposa kale, moti pamenepo mayi sananame. Koma chingwe, ana inu! Chinatuluka choterera ngati mlamba, chitamera ndere, tinkhono titamatirira ponseponse, fungo lake ngati chinangwa choiwalika. Ndinachikwecha ndi mchenga, nkuchiyanika padzuwa loswa mtengo masiku awiri. Chitauma chinaoneka chotuwa, chokhakhala. Ndiye ndinatenga mafuta anga a nsatsi, odzola ine mwini, amene ndinkawasunga ngati diso, nkuchipaka kuyambira kunsonga mpaka kunsonga. Chinawala. Kunena zoona, chinakongola kuposa tsiku limene anandisiyira.

A Sumaili atafika, asanamwe ndi madzi omwe, anachitsitsa kutsindwi kumene ndinachibwezera. Anakhala pakhonde nkumachidutsitsa m'manja pang'onopang'ono, kufunafuna mano a khoswe, poti m'nyumba mdani amene ankamudziwa anali yekhayo. Ndani akanaganiza kuti chingwe chopachikidwa kutsindwi chingakasambire? Anapeza pamene panalumidwa kunsonga paja pokha, nkudulapo. Kenako anandiyang'ana. Nkhope imeneyo ndimaionabe mpaka lero.

A Juma anali pomwepo, abwera kudzalonjera. Agogo anu anati, “Alamu, inu kwanu muli ndi mabwato awiri, ine ndili ndi mkazi. Taonani, mpaka kuchidzoza mafuta.”

Ine ndinakula ngati chulu. Zoti chinagona m'madzi sindinanene, osati pobisa ayi, koma ndinkati nzeru zanga ndidzaziulula tsiku lina pamene pali anthu ambiri.

A Juma sakanalola mlamu wawo kunyada osamugwetsa. Anati, “Chingwe chokongola tachiona, alamu. Koma uchi wake sitinaulawe. Chambo chathu mwadya chaka chathunthu. Suja mlambe wa kunjira ya kwa Maganga uli ndi njuchi kuyambira agogo athu? Kapena a Gologolo amakwera ya ku Khombedza yokha?”

Mlambe umenewo simunauone, unagwa amayi anu ali ana. Anthu khumi ogwirana manja sankauzungulira, ndipo mphako ya njuchi inali kumwamba kwenikweni, kumene ukayang'ana mpango umagwa kumutu. Panalibe amene anayesapo. A Sumaili anangoti, “Loweruka m'mamawa, kukadazizira, njuchi zisanachangamuke. Mubwere ndi mabeseni.” Ndinaona maso awo akuwala. Tsiku lawo loti aonekere m'mudzi wa asodzi linali litafika.

Lachitatu masana anapachika chingwe chija pakhonde kuti chipitidwe mphepo, ife nkukhala pansi kudya. Kunayamba kamvula kamawawa, kaja kamene sikanyowetsa ndi nkhuku yomwe. Munthu anadzambatuka, mbamu ili m'manja, kukachilowetsa m'nyumba. Ine ndinaseka.

“Inu, timadontho timeneti?”

“Abiti, musaseke,” anatero akukhala pansi. “Chingwe chokwerera ndi madzi sizionana. Chikavumbwa tsiku limodzi, umachitambasula pamthunzi, chiume pang'onopang'ono ndi mphepo. Padzuwa ayi, chimauma kunja m'kati muli chinyezi. Mchenga usachikhudze, umalowa m'kati nkumadula luzi ngati timipeni. Koma chikagona m'madzi, ngakhale sabata imodzi, chimenecho chatha. Kunja chimaoneka chamoyo, m'kati chinafa kale. Nchomangira mbuzi, mbuzi yakenso yofatsa.”

Madzi, dzuwa, mchenga: zonse zimene anatchula ndinali nditachita, mwandondomeko yake, ngati wina anachita kundilembera.

“Nanga... munthu angadziwe bwanji?” ndinafunsa, mawu akutuluka ngati a mwana wa mbuzi.

“Umachipotera m'mbuyo ndi zala kuti chitseguke, nkuyang'ana m'kati, nkununkhiza. Koma changachi nchosafunika zimenezo. Chinali m'manja mwanu.”

M'mawa mwake atapita kukamweta udzu wa muuni, ndinachitsitsa. Ndinachipotera m'mbuyo mmene ananenera. M'kati munali mwakuda ngati mwaye. Kukanda ndi chikhadabo, luzi linkangoyoyoka. Ndinayesa pena, chimodzimodzi. Pena panali poyererako, pena povunda. Chikomekome cha nkhuyu chenicheni, ndipo wodzoza nkhuyuyo mafuta ndinali ine.

Mukuti bwanji, Idi? Bwanji sindinangowauza? Ee, pakamwa pako mpopepuka chifukwa sunakwatire. Ndinapita kaye kwa mayi. Iwo atamva anagwira pakamwa, kenako anati, “Ndiye ukanene kuti apongozi awo ndi amene anaika mwala? Ine ndidzayenda bwanji m'mudzi muno? Chingwe chonenepa chonchija sichingaduke, iwe. Khala chete.” Muyenera kudziwa kuti masiku amenewo mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankayang'anana. Akakumana panjira, wina ankapatukira kutchire. Chikwatirane chathu, mayi anali asanalankhulepo ndi a Sumaili maso ndi maso. Tsono mawu oyamba akhale akuti apongozi anakuonongerani chingwe cha malemu bambo anu?

Koma ndisawanamizire mayi okha. Chachikulu chinali mwa ine. Ndinkaopa kuti nkhope ija anandiyang'ana nayo pakhonde idzasintha, ndipo sidzabwereranso. Ndinkaopanso kuti ndikanena, Loweruka lidzalephereka, a Juma adzati Gologolo wachita mantha wabisala kumbuyo kwa mkazi. Ndinali mwana, ndinali wonyada, ndipo ndinkawakonda. Zitatu zimenezi zikakumana mwa munthu mmodzi, nzeru zimasamuka.

Ndiye ndinayamba zamachenjera. Lachisanu ali kumzikiti, ndinakachikwirira pansi pa mpunga munkhokwe, ndikuti ndidzanena kuti chabedwa. Munthu wa uchi ali ndi mphuno. Anangozungulira nyumba kamodzi, nkutsata fungo la nsatsi mpaka kunkhokwe. Anabwera nacho akuseka, ati, “Abiti, mwayambanso kuchibisira makoswe? Mwaonjeza kusamala.” Ndinayesa zina. Ndinati ndalota maloto oipa, asakwere. Iwo anati, “Maloto a munthu wodya mpunga watsopano. Inshallah, mawa mudya uchi.” Kawiri konse ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zenizeni, kawiri konse panatuluka zoti, “Madzi osamba ndatenthetsa.”

Loweruka kunacha kozizira, mwera ukuluma. Mudzi wonse unapita kumlambe, ena ndi mabeseni, ena ndi maso okha. Bambo anabwera, a Juma anabwera, mayi anaima chapatali atafunda nsalu kumutu monga mwa ulemu wa apongozi. Ine ndinasenza mtsuko.

A Sumaili anaponya mwala wawo, kachiwiri unalumpha nthambi. Anakoka chingwe, mbali ina nkuimanga pachitsa, ina ikulendewera pafupi ndi thunthu. Anakhoma zikhomo zoyambirira mpaka pamene mkono unafika, ena nkuwanyamula paphewa kuti akhome zina ziwiri. Kenako anatsika, nkupita pambali kukayatsa muuni. Ndinayang'ana kumwamba kumene kunali mphako, ndinayang'ana pansi pamene panali mizu ya mlambe, yotumphuka, yolimba ngati miyala. Ndinaona pamene adzagwere. Pakamwa panakanabe. Ndiye thupi linapita lokha.

Ndinatula mtsuko, ndinamanga nsalu zolimba, ndinathamanga nkugwira chingwe chija ndi manja awiri, nkupinda miyendo.

Sichinaduke.

Ana inu, m'moyo mwanga ndachitapo manyazi, koma awo anali mfumu ya onse. Mkazi wapabanja, pamaso pa bambo ake ndi mudzi wonse, ali lende pachingwe, akuzungulira pang'onopang'ono ngati nsomba yopachika. Ndinali kamunthu kochepa, kolemera ngati mtolo wa bango. Kenako a Juma anaphulika.

“Alamu! Mwamuphunzitsa ndi mlongo wanga yemwe ugologolo?”

Anthu anagwa nako kuseka. Bambo anakalipa, ati, “Iwe, wapenga? Choka apo!” Ndinamva a Sumaili akuti, “Abiti, nchiyani?” akubwera, muuni ukufuka m'manja. Mumtima ndinati, akandichotsa pano, adzati chingwe chalimba, mkazi wachiyesa yekha. Ndiye ndawapha kawiri.

Ndinaponda chikhomo choyamba, chachiwiri, chachitatu. Ine amene ndinali ndisanakwerepo ndi mpapaya womwe. Ndinafika pachomaliza, mitu ya anthu ili pansi panga, ndinakulunga chingwe kudzanja ili, ndinati Bisimillahi, nkudziponya.

Chinalira kuti thu! Phokoso lake linali laling'ono, ngati munthu wathyola chinangwa. Ndinagwera pamuzu, dzanja lili pansi, chingwe chonse nkundiunjikira pamutu.

Kuseka kunathera pomwepo. A Sumaili anataya muuni nkundidzutsa. Dzanja linali litayang'ana kumene silinayang'anepo chibadwire. Koma chodabwitsa, litathyoka dzanja, pakamwa panatseguka. Ndinalira mokweza kuti aliyense amve: “Chinagona m'madzi! Miyezi inayi! Ndinachiviika ine, kuopa makoswe!”

A Sumaili anatola mbali yodukayo, anaitsegula ndi zala, anainunkhiza. Anayang'ana kumwamba kumphako nthawi yaitali, nkuyang'ana pamuzu. Kenako anakhala pansi pafumbi pafupi ndi ine.

Ndiye kumbuyo kwa anthu kunamveka mawu. Anali mayi, nsalu ili chifundire, akuyang'ana kumbali.

“Bambo a ku Khombedza. Mwanayo musamukalipire yekha. Nzeru zinali zanga, ndipo mwala ndinaikapo ndine.”

Amenewo ndiwo anali mawu oyamba a mayi anga kwa mkamwini wawo. A Sumaili anagwada, anaomba m'manja, naonso akuyang'ana kumbali, ati, “Ndamva, mayi. Makoswe sanachidye, pamenepo munakhoza.” Bambo anangogwira m'chiuno, ati, “Akazi inu, khoka ndimayanika tsiku ndi tsiku pamaso panu. Mumati ndimaliotchera dzuwa kuti lisangalale?” Anthu anayambanso kuseka, koma kuseka kwina, kopepuka, kwa anthu amene maliro awalambalala.

Pondinyamula kupita kwa mkulu wina wodziwa kulunga mafupa, agogo anu anandinong'oneza kuti, “Abiti, mukanangonena pakamwa, dzanja likanatsala.” Ine ndikulira ndinati, “Pakamwa panalemera.” Iwo anati, “Ndaona. Kulumpha mumlambe ndiye kunapepuka.” Ndinawayang'ana kuti ndione ngati nkhope ija yasintha. Inali yomweyo, kungoti inali yonyowa.

Mkulu uja anandimanga ndi tinsungwi, koma kaya anali ndi changu, fupa linagwirana mokhota, ndi ili mukuliona. Mwezi wonse umene ndinali chimangire, pakhonde pathu pankakhala anthu awiri: bambo ndi a Sumaili, ntchafu zili pamtunda, akupota chingwe chatsopano. Msodzi ankadziwa kupota kolimba, wa uchi ankadziwa kusankha luzi. Anthu amene kale ankangopatsana moni anayamba kukangana ndi kuseka ngati munthu ndi mwana wake. A Juma ndi amene ankapita kukasenda luzi, ndipo tsiku limene a Sumaili anakweradi mlambe uja, wogwira chingwe pachitsa anali a Juma omwewo, thukuta lili kamukamu, akufuula kuti, “Pang'onopang'ono, alamu!” Uchi unadzaza mabeseni, njuchi zinaluma a Juma pamlomo, mlomo nkutupa masiku atatu. Mudzi unapumula.

Za makoswe anathana nazo mosavuta, moti ndinachita manyazi kachiwiri. Anaboola chipanda, nkuchilowetsa chozondoka pakachingwe kopachikira. Khoswe akatsika kuchokera kutsindwi ankafika pachipanda paja nkutererekera pansi. Ndipo kuyambira pamenepo, nyengo ya uchi ikafika, chingwe ankayamba achitsegula dzanja ndi dzanja, kuyang'ana ndi kununkhiza, ngakhale chikhale chowala bwanji. Akatero ankachikoleka panthambi, nkumangirira matumba awiri a mpunga, nkuwagwetsa kuchokera pamwamba. Nthawi zonse asanagwetse ankanditembenukira, ati, “Abiti, khalani patali. Lero alumpha ndi matumba.” Nthabwala imodzi yomweyo zaka makumi atatu, ndipo ine ndinkaseka chaka chilichonse.

Chaka cha njala yaikulu ija, pamene anthu ankadya mizu, ife tinapulumukira uchi ndi malambe amene ankatsitsa m'mitengo imene ena sankaifika. Nthawi imeneyo nkuti ndili ndi ana atatu, wachinayi ali kumsana. Anakwera mpaka imvi zitamera, osagwapo ndi kamodzi komwe, ndipo Mulungu atawaitana anawapeza pamkeka pawo, ana atawazungulira, ine nditawagwira ndi dzanja lomweli. Ndimawasowa, ana inu. Nyengo yozizira ikafika, ndikamva fungo la utsi wa udzu m'mamawa, ndimatembenuka.

Tsiku lija la kumlambe ndinali ndisanaime. Amayi anu, atsibweni anu, onse anali asanabwere. Tadziwerengani mmene mwakhalira pamkekapa, muonjeze ndi aja ali ku Lilongwe. Nonsenu munali pachingwe chimenecho.

Tsono Idi, pita ukamasule chija, ubwere nacho kuno ndikuonetse m'kati mwake. Ukuti chiyani? Chalimba, mwachiyesa kale? Chabwino. Patuma, tandigwirira lichero ili, undipatse ndodo yanga. Ngati simumasula, ndiyamba ndine kukwerapo. Dzanja lina likadalipo.